Foni Yanu Musaiyatse pa Pasaka

Katondo, Kabwe
9 Epulo 2025

Okondedwa asisi anga a Josephine,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku nyumba ya masisteri, ndipo kusala kwa Lenti sikukukuondetsani kwambiri. Kuno amama ali bwino, bondo lija lasiya kuwavuta. Za ine musafunse. Ndisanapite patali, gwirani mawu awa ngakhale ena onse muwaiwale: foni yanu musaiyatse. Pa Pasaka akakupatsani kuti muimbe kunyumba, musadine batani lililonse. Ndagwira mwendo wanu, asisi.

Ndikudziwa kuti makalata a manovisi amayamba awerengedwa ndi Sisteri wamkulu. Amayi Sisteri, ndine Elvis, uja anakuimbirani Lachinayi n'kumalankhula ngati wapenga. Munati pa Lenti uthenga umadikira, ndilembe kalata. Nayi ndalemba. Foni ya mlongo wangayo ili m'dirowa yanu, chonde musaimvere chisoni n'kuitchajira. Isiyeni igone momwemo.

Tsopano asisi, ndikuuzeni zimene ndachita, poti madzi afika m'khosi.

Mukukumbukira miyezi yomaliza ya atate, mmene munkakhala nawo pakhonde n'kumawajambula mawu pa foni yanu? Nyimbo zonse zimene anapekera kwaya, nkhani ya mmene agogo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji kuno, mayina a makolo athu mpaka kumene iwo ankakumbukira. Atamwalira ndinatenga kompyuta yakale ija n'kuisandutsa seva, ndiye kuti nkhokwe ya banja lonse, ili pansi pa tebulo la TV. Pulogalamu iliyonse ndinaiika m'kontena yakeyake, ngati mabogi a sitima: ya zithunzi payokha, ya mawu payokha. Mafoni athu onse, yanunso musanapite, ndinawalumikiza kuti azigawana zonse okha. Ndinkayenda chifuwa patsogolo. Ndinauza amama kuti mawu a atate sangatayike ngakhale nyumba itapsa.

Kenaka ulesi unandilowa, ine n'kumautcha nzeru. Zoti Loweruka lililonse ndizikhala pansi kuika maapudeti ndi kukopera zinthu ku diski ina zinanditopetsa. Ndinalemba malangizo oti makina azichita okha. Lamlungu 9 koloko, tonse tili ku Misa ndipo palibe akugwiritsa ntchito, makontena azilandira apudeti. Ikakwana 12, bakapu izikopera zonse ku diski yachiwiri. Ndinawonjezanso kamzere kena kamene ndinakatola pa intaneti osakawerenga bwino, koti kontena ikakana kudzuka ichotsedwe, imangidwenso yatsopano. Miyezi isanu ndi iwiri zinayenda ngati madzi. Ndinafika pomawaseka anzanga ochita pamanja.

Lamlungu la pa 30 Malichi magetsi anathima apudeti ili pakati. Sinali nthawi yake, pandandanda wa kuzima kwa magetsi analemba kuti athima masana. Atabwerera, kontena ya mawu inakana kudzuka. Kamzere kanga kaja kanagwira ntchito yake mokhulupirika, kalanga ine! Sikanachotse kontena yokha, kanachotsa ndi katundu yense anali m'katimo. 12 koloko itakwana bakapu inadzuka. Asisi, pano ndi pamene ndikufuna kudzimenya mbama. Poti diski yachiwiri ndi yaing'ono, ndinaiuza kuti isamasunge zakale, izingofanana ndi seva. Inaona kuti pa seva palibe kanthu, nayonso inasesa zonse. Mafoni nawo anamva kuti zinthu zachotsedwa, anachotsa. Nthawi imeneyo ine ndinali pabwalo la tchalitchi, kuseka ndi anzanga, foni ili m'thumba ikufufuta atate.

Mukuwadziwa amama. Lamlungu tikadya amakhala pampando wa atate n'kunena kuti, "Elvis, niyikileko atate ako." Tsiku limenelo ndinatsegula, ndinapeza poyera. Ndinati, "Amama, makina akuchita apudeti." Iwo anati, "Asiye achite, atate ako sanali munthu wa changu." Lamlungu lapitali afunsanso, ine ndanamanso bodza lomwelo. Iwo anati, "Apudeti yamene iyi, ni ya pa sitima ya katundu?" Anaseka okha. Ine ndinathawira kubafa kukalira.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Madiski onse awiri ndinapita nawo kwa a Oswald, aja amakonza makompyuta m'tauni. Anakhala nawo masiku atatu. Ndikukawatenga anandifunsa kuti, "Iwe, unayesako olo kamodzi kubweza zinthu kuchoka mu bakapu yako?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye unalibe bakapu, unali na galasi chabe. Munthu akachoka, mu galasi simusala kanthu." Ndinafuna kuwatukwana, koma ndikanawatukwana chiyani poti ankanena zoona? Zimene anapulumutsa ndi zithunzi zochepa za ubatizo wa ana a eni, ndi kachidutswa kamodzi ka mawu, masekondi khumi ndi limodzi. Atate akukhosomola, kenaka akuti, "Josephine, yayamba kujambula?" Inu mukuseka chapatali. Basi, pathera pomwepo. Maola makumi atatu ndi anayi a mawu awo, chatsala ndi chimenechi.

Foni imodzi yokha padziko lapansi sinamve za kuchotsaku, ndi yanuyo, chifukwa yakhala yozima kuyambira pa Khirisimasi. Zonse zili momwemo monga munazijambulira. Lamulo lomwe lija ndinkakunyozerani, loti munthu wamkulu n'kumulanda foni ngati mwana wasukulu, ndi limene lasunga atate. Ndikhululukireni pakamwa pangapa.

Mwina mukuti, si ungozimitsa sevayo? Ndinazimitsa tsiku lomwelo, ndinazula ndi chingwe chomwe. Pafoni yanga ndi ya amama pulogalamuyo ndachotsa, ya amama ndinachita mobisa iwo akusamba. Koma kudzitama kwanga kunali kwakukulu: mafoniwa ndinawakonza kuti azilankhulana okhaokha ngakhale seva itafa. Malume a Sailas, aja oyendetsa thiraki, foni yawo anaigulitsa ku boda ya Kasumbalesa mwezi wathawu osafufuta kanthu. Ndawafunsa amene anagula, akuti mnyamata wina wa kapu yofiira. Wa kapu yofiira, pa boda! Ndisanachotse pulogalamu ndinaiona foniyo ikadali pa intaneti, ndipo nayonso inali itafufuta kale. Yanu ikangodzuka n'kukumana nayo, imvera. Kuchotsa simu sikuthandiza, chifukwa pa Khirisimasi munaimba ndi Wi-Fi ya kumeneko ndipo foni siiwala. Sizitenga ngakhale nthawi ya Tikuoneni Maria mmodzi.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Muikulunge m'nsalu, muilembe dzina langa, ikhale yozima. Lolemba la Pasaka ndikwera basi ndibwere ndekha ku Lundazi, ndikaitsegulire kuthengo kumene kulibe netiweki ngati kuli kofunika. Amayi Sisteri, sindipempha kuonana ndi mlongo wanga ngati lamulo silikulola. Mudzandipatsire pageti.

Kalatayi ndapatsira a Mwaka a ku kwaya, akupita ku Chipata kumaliro mawa, ndipo alonjeza kuipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Lundazi. Mtima wanga uli m'mwamba. Nanga akaiwala m'chikwama? Nanga ikafika pa Sabata Loyera n'kuikidwa pambali mpaka chikondwerero chitatha? Ine amene ndinkati makina saiwala, lero moyo wanga uli m'thumba la kondakitala amene sindikumudziwa ndi dzina lomwe.

Amama sindinawauze. Ndayesa kawiri, ndalephera. Munene kuti ndine wamantha, ndivomera. Ngati foni yanu ipulumuka sadzadziwa kanthu, ndipo ndikulumbira kuti ndidzakopera pamadiski atatu, imodzi ikakhale kwa malume, ina kwa inu m'dirowa yomweyo, ndipo mwezi uliwonse ndizidzakhala pansi ndekha kumvetsera ndi makutu anga kuti zilimo. Ngati kalatayi yakupezani mutaiyatsa kale, musandibisire. Mungolemba kuti yayaka, ine ndidzadziwa choti ndikagwade nacho pamaso pa amama.

A kwaya onse akupereka moni, akuti mawu anu a pamwamba aja akusowa. Anyamata a kwaya andipempha nyimbo ya atate ya Aleluya kuti aiphunzire bwino, ndime yachitatu palibe akuikumbukira, ndawauza kuti adikire. Mphaka wanu wabereka ana anayi.

Amama akupereka moni wambiri. Akuwerenga masiku pakalendala, atsala khumi ndi limodzi. Sindikudziwa kuti ndidzawauza chiyani foni yawo ikadzakhala chete tsiku lonse, ndiye ngati wina kumeneko angakubwerekeni yake, imbani ndithu. Koma dziwani zimene akonza. Dzulo akusita chitenje chawo cha Pasaka anandiuza kuti, "Josephine akatuma foni, uzayike pafupi na sipika, amveleko atate ake akuimba Aleluya. Mwana wanga wawayewa, wawasowa kwambiri."

Ndinati, "Chabwino, amama."

Mundipempherere, asisi, koma foniyo musaikhudze.

Ine mlongo wanu wopusa,
Elvis