Mchere Umene Ndinathira M'ndiwo

Achemwali, ndikuopa kuti tsiku lina ndidzadzichita choipa n'kumusiya Chisomo wanga wopanda mayi.

Pepani, ndayamba osapereka moni. Muli bwanji ku Lusakako ndi alamu? Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Chiikireni khanda langa m'manda, apongozi sandiyankhula. Akuti linafa ndi tsempho chifukwa ndinathira mchere m'ndiwo mwambo wotenga mwana usanachitike. Ndinathiradi, panalibe wondithirira, bambo ake anali pa ulendo ndi thiraki. Anamwino anati chinali chibayo, koma m'mutu mwangamu mawu amangoti, "Unapha ndiwe."

Lachinayi ndinapita kukatunga madzi, ndiye ndinangoima n'kumayang'ana m'chitsime, ndowa ili pansi. Anandipeza aNabanda, amayi a kumphakati kwathu aja. Anandigwira dzanja, tinagwada pamatope pomwepo. Atapemphera anati, "Mwanawe, mawu okunenezawo si a Yesu. Maganizo oipa ali ngati kaufiti m'chimanga. Uzule lero, mawa uzulenso, mpaka Ambuye akupatse mtima watsopano."

Ndikuyesetsa, achemwali. Maganizowo akabwera ndimatchula dzina la Yesu mokweza, ndimayimba, ndipo nthawi zina amathawadi. Koma dzulo Chisomo anandifunsa kuti kamwana kathu kabwera liti. Ngakhale pemphero la Atate Athu linandikanika kumaliza.

Mulungu akusungeni ndi ana onse. Koma chonde musanditumizire chitenje kapena mawu opepesa. Kwerani basi mubwere, tidzazulire limodzi. Kuchitsime ndikuopa kupitako ndekha. Bwerani msanga.

Ine mng'ono wanu,
Esinati