Mawu a Amayi mu Sipika Yomata

Tengani,
Nsanje.
4 Novembala 2024

Okondedwa achimwene Sebastiano,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Juliana. Ife kuno dzuwa likutiotcha ngati tinalilakwira, mvula ikungotinyenga ndi mabingu a ku Mozambiki. Kalatayi ndapatsira a Feston amene akubwerera kumeneko Lachinayi. Mudabwa kuti ndalemba pamene foni ilipo, koma nkhaniyi ndayesa kawiri kuinena pa foni, lilime likukana.

Achimwene, ndinakunamizani. Mwezi wathawu mukafunsa za ababa ndinkati ali bwino, koma sizinali choncho. Sipika ija munawagulira ababa, amayi atamwalira, yolira popanda waya ija, inafa. Mukudziwa kuti m'kamemore kake ndi momwe muli mawu a amayi amene munawajambula pa Khirisimasi yawo yomaliza, akuimba uku akupeta mapira, kenako n'kukuwa kuti, "Bambo a Sebastiano, bwerani mudye!" Chimene simukudziwa n'chakuti ababa sagwira mbale asanamve kuitana kumeneko, kaya m'mawa, kaya masana.

Sipikayo inayamba ndi kusasa mawu ngati munthu wa chimfine, tsiku lina n'kungokhala chete. Ine ndi nzeru zanga zoperewerazi ndinati nditulutse kamemoreko ndikaike m'foni mwanga. Kanali kothina, ndiye ndinatenga pini. M'malo mokakoka ndinakakankha, n'kugwera m'kati mwenimweni. Pomwepo ndinakumbukira kuti foni imene munajambulira ija anakuberani chaka chatha, ndiye kuti mawu a amayi kulibenso kwina kulikonse.

Ababa sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Ankangoyang'ana chakudya n'kuchikankhira pambali. Phala supuni ziwiri, basi akuti akhuta. Patatha masabata atatu ndinawapeza akuboola bowo lina pa lamba wawo, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Alamu anu a Harold anati aitsegula okha sipikayo. Anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna masikuluwu, anasenda ndi timphira ta pansi pomwe, koma wosaona ngakhale imodzi. Nditaona kuti akulowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje, ndinailanda n'kuimanga m'chitenje. Amuna inu, chinthu chikakukanikani mumangoganiza zochitema.

Lachiwiri ndinaganiza zopita nayo ku Bangula, kwa mayi wina dzina lake Clotilda amene amakonza mafoni pafupi ndi ogulitsa nsomba. Ndinkafuna kupita ndekha, koma ndinapeza ababa atavala kale jekete yawo ya kutchalitchi.

"Kumene akupita amayi ako, inenso ndikupita komweko," anatero. Tinakwera minibasi sipika ili pamiyendo pawo.

Mayi Clotilda anaiyang'anitsitsa, akuyendetsa chikhadabo m'mbali mwake mpaka anapeza kamzere kopyapyala.

"Izitu samanga, amamata," anatero. "Muli guluu ndi timano ta pulasitiki togwirana. Mukaikakamiza, timano tithyoka, ndipo chitsulo chingalase zimene mukufunazo. Imafuna kuipepesa."

Anati guluu amafewa ndi kutentha, koma magetsi anali atazima, kachipangizo kawo kouzira mpweya wotentha kali gone. Mayiwo sanadandaule. Anakwera pa benchi n'kuika sipikayo pa malata a shopu yawo, dzuwa lili pamutu. "Dzuwa la pa Bangula laposa makina anga," anatero akuseka, "koma tisaiiwale pamenepo, batire lingatupe." Achimwene, dzuwa limene ndalitukwana moyo wanga wonse, tsiku limenelo ndinaliyang'ana ndi ulemu.

Posakhalitsa anaitsitsa, ikutentha ngati mbatata yootcha. Anatenga khadi yakale ya kubanki n'kuilowetsa m'kamzere kaja, kenako n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono. Kadzino kalikonse kakamasuka kankati thwa, ndipo ababa ankatsinzina ngati akuwazula dzino lawo lomwe.

Itatseguka, tonse tinangoti kukamwa yasa. Patebulo panakhuthuka ufa, ufa weniweni wa mapira wodzaza dzanja, anankafumbwe akuthawamo.

"Mayi, kodi mumaisunga m'thumba la ufa?" anandifunsa mayi Clotilda.

Ndisanayankhe, ndinaona ababa akuvula chipewa n'kuchigwira pamtima.

"Musamufunse mwanayu, ndine," anatero motsitsa mawu. "Amayi akewa amandiitana kuti ndidye, ine n'kumadya ndekha iwo akungoimba. Zaka makumi anayi ndi zisanu sindinadyepo iwo akungondiyang'ana. Ndiye ndinkawatsinirako pang'ono, n'kuthira pa tizibowoti."

Achimwene, ababa omwewa, mkulu wa mpingo, amene ankadzudzula anthu othira nsembe patsinde pa mtengo! Sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire, ndipo ndinachita zonse ziwiri pamaso pa anthu. Masabata onsewa ine ndinkadziona ngati wopalamula ndekha, osadziwa kuti nawonso akunyamula wawo mlandu mwakachetechete.

Mayi Clotilda sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo ichi sindidzachiiwala. Anafufuza mu ufamo ndi chala mpaka anapeza kamemore kaja, n'kukauzira. Asanachite china chilichonse anakopera mawuwo m'foni mwanga, akuti ndisadzawasungenso malo amodzi. Kenako anatenga mswachi wakale ndi sipiriti n'kutsuka ufa umene unaumbana ndi chinyezi m'katimo. Atabwezeramo kamemore n'kuiyatsa, amayi anaimba pakati pa msika wa Bangula ndi mawu oyera ngati ali kuseri kwa shopu. Atafika poti "bwerani mudye", ogulitsa nsomba awiri anatembenuka kufuna kuona amene akuitana.

Pomata sipikayo, mayiwo anagwada pafupi ndi ababa n'kunena kuti, "Baba, gawo lawo muziwaikira m'kambale pambali. M'katimu mukawathirira, atsamwa." Ababa anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Ndinathamanga kukagula mlamba wokazinga ndi chinangwa. Ababa anadyera pa benchi pomwepo, sipika ili pambali pawo, mpaka kunyambita zala. Atatha anayang'ana mayi Clotilda n'kuomba m'manja kuti, "Takhuta, mama. Takhuta." Mukudziwa kuti kwathu kuno, pa Chisena, mawu amenewa ndiye zikomo wathu. Koma tsiku limenelo anali oona ndi pa Chichewa pomwe, chifukwa papepala panangotsala minga.

Ndiye ndili ndi zopempha. Mundikhululukire bodza lija, ndinkaopa kuti mukamva mudzasweka mtima muli kutali. Mawu a amayi ndikutumizirani pa foni mukangolandira kalatayi, muwasunge bwino, alamu asungenso awo. Za ufazi musadzawafunse ababa, ngakhale mwanthabwala, ndipo ku mpingo zisamveke. Panopa kambale kakang'ono kabuluu kamakhala pafupi ndi sipika nthawi ya chakudya. Ndimakatsuka ndine, ndipo sindifunsa kanthu.

Zikomo, achimwene, chifukwa chowajambula amayi tsiku lija. Ndikukumbuka kuti ndinakunyozani kuti mukungoseweretsa foni anzanu tikugwira ntchito. Lero ndikubweza mawu anga.

A Harold akupereka moni, akuti akanaitsegula ndithu tikanawapatsa mpata. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ababa ali pakhonde pano pamene ndikulemba, angomaliza kudya. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni, ndipo akuti mulandire moni wawo ndi wa amayi anu. Ndalemba momwe anenera, sindinachotsepo kanthu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Esinala