Galimoto Yoti Amayi Akwere

Highfield,
Salisbury.
Okutobala, 1958.

Achemwali anga okondedwa a Lizzie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Nanga amayi akudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja ukutupabe? Ife kuno tili bwino ndithu. Teleza anadwala chikuku mwezi watha koma wachira, wayambiranso kusautsa amake.

Kuno kwatentha, fumbi lokhalokha. Ndikamapalasa njinga masana kuchokera kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ndimakumbukira mthunzi wa mabulugamu a m'malire mwa esiteti, ndi fungo lija la tiyi wouma limene limatsika kuchokera kufakitale mphepo ikatembenuka. Tsiku lina Douglas anandifunsa ngati tiyi amakumba pansi monga mtedza. Ndinayamba kumufotokozera za mizere yobiriwira yokwera phiri lonse, za mitanga kumsana, za akapitao pa sikelo, mpaka mwanayo anagona ndili pakati. Amake a Douglas anaseka, amvekere ndikaweruka kusukulu ndizisiya choko komweko. Koma mumtima zinandiwawa kuti mdzukulu wa anthu othyola tiyi sanauonepo mtengo wake.

Mu kalata yanu munati amayi akungotchula ang'ono awo, mayi aang'ono a Salome, amene ali kutsidya kwa Muloza, kwa Apwitikizi. Zoonadi, sanaonane chiyambire chaka cha njala chija. Paja awiriwa anawoloka malire ali atsikana, atagwirana manja, a Salome n'kudzabwerera kukakwatiwa kwawo. Onse akalamba tsopano, ndipo sindifuna kuti mmodzi adzamve za mnzake kudzera pa uthenga. Kukwera basi amayi sangakwanitse, chifukwa mwanena nokha kuti akakhala pang'ono pampando chiuno chimawotcha. Ndiye ndinaganiza zoti tchuthi cha Disembala tibwere tonse pamsewu wa ku Tete ndi galimoto yathuyathu, ndidzawatenge amayi ndi kukawatula pakhomo pa ang'ono awo.

Musaseke, sindinalemere ayi. Ndikunena galimoto yakale, yogwirapo kale ntchito, yolingana ndi kangachepe kamene ndakhala ndikusunga ku positi. Pali mtundu wina umene azungu amati sitesheni wagoni. Kutsogolo ili ngati galimoto ina iliyonse, koma denga lake limapitirira mpaka kumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli chitseko chakechake. Mukapinda mpando wapakati pamatsala malo oti n'kuyala matiresi, munthu wamkulu n'kugona atatambasula miyendo. Ndi imeneyo yokha imene ingawathandize amayi.

Ndakhala ndikuyenda Loweruka lililonse ndi a Zakeyu, makaniko wa ku Khonjeni amene timapemphera naye limodzi. Yoyamba imene tinaona inali yonyezimira, ya mzungu wina wobwerera kwawo. Ana anaikonda. Koma mimba yake ili pafupi kwambiri ndi pansi, ndipo nditakumbukira kamtsetse kaja kotsikira kumtsinje, ndi matope ofiira a Disembala amene ankatimeza mpaka m'mawondo popita kusukulu, ndinadziwa kuti ingakathere pomwepo, ife n'kumaliza ulendo pansi.

Yachiwiri inali ya matabwa m'mbali. A Zakeyu anabaya thabwa limodzi ndi msomali, msomaliwo n'kulowa ngati m'papaya lakupsa. Itayaka inatulutsa utsi wobiriwira. Utsi wotere, achemwali, umatanthauza kuti injini ikumwa oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo galimoto yotero imafuna kudyetsedwa kuposa ana atatu. Mwini wake analumbira kuti ndi chifuwa chabe cha m'mawa. A Zakeyu anamuyankha kuti chifuwa chimenecho akachionetse kuchipatala, osati kwa mphunzitsi wosauka.

Yachitatu ndiyo yandilembetsa kalatayi. Ndi yaitali bwino, yokwera kuchokera pansi, matayala ake akadali ndi mano, ndipo injini yake imalira mosalala osatsokomola. Mtengo wake ndingaukwanitse, n'kutsalako ya petulo ndi ya pantoni powoloka Zambezi. A Zakeyu anagona pansi pake nthawi yaitali, potuluka anati akanakhala ndi ndalama akanandilanda.

Koma ndikuuzeni chilungamo. Galimotoyi ndi ya sosaite ya maliro ya anthu a kwathu okhala kuno. Ndi yakuda. Zaka zonsezi ntchito yake yakhala yonyamula mabokosi kuchokera kuchipatala kupita kumanda. Akuigulitsa chifukwa agula lole yaing'ono yoti izitenganso operekeza, ndipo mtengo watsika chifukwa aliyense woidziwa akuiopa. Pamene ndikufuna kuyala matiresi a amayi ndi pomwe pankakhala bokosi.

A Zakeyu amangoti zonsezi n'zabwino. Akuti galimotoyi sinathamangepo chibadwire, yakhala ikungoyenda ulemu, n'chifukwa chake injini ili ngati yatsopano. Anawonjeza kuti mwa onse amene anakwerapo kumbuyoko palibe ndi mmodzi yemwe anadandaula za mabampu. Amake a Douglas sanaseke. Anawauza kuti popeza iwo ndi olimba mtima chotero, ayambe agonamo okha, chitseko chotseka, ndipo akadzuka bwino adzatiuze. A Zakeyu anayamba kukamba za msana wawo umene sufuna malo ouma. Kuyambira pamenepo ana amawatcha amalume a msana.

Titakhala pansi, ine ndi amake a Douglas tinagwirizana. Iwo anati ana akhoza kukwera ngati abusa ataipempherera ndiponso ngati itatsukidwa yonse, ndipo abusa avomera. Ine pandekha ndilibe nayo mantha. Chitsulo sichisunga munthu, ndipo anthu amene inanyamula anali abale athu omwe, a ku Thyolo, a ku Mulanje, a ku Chiradzulu, amene anabwera kudzafuna ntchito monga ine, osapeza mwayi wobwerera. Nthawi zina ndimaganiza kuti n'koyenera kuti galimoto yawo ikaoneko kwawo kumene iwo sanafike. Koma amenewo ndi maganizo anga, ndipo wogona kumbuyoko si ine.

Anzanga ambiri akuti ndingokhala chete, poti kumudzi palibe angadziwe. Sindingathe. Kwathu nkhani siichedwa, ndipo pa Khirisimasi matchona amabwera ambiri. Wina adzaizindikira pamsika pa Bvumbwe, amayi n'kudzamva kwa anthu kuti mwana wawo anawagoneka pamalo a maliro osawauza.

Ndiponso inu mukukumbukira bwino kuposa ine tsiku limene galimoto inalowa m'mudzi mwathu koyamba. Inali yaitali ija ya pa esiteti, imene inabweretsa thupi la abambo mtengo utawagwera kunkhuni za fakitale. Lole inali itapita kukatenga masamba, ndiye anawatumiza pa imeneyo. Ana tonse tinaithamangira tikukuwa ndi chimwemwe, poti sitinkadziwa. Amayi anali pathanthwe akuyanika makaka. Ataiona, anangokhala pansi pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo galimoto ikamadutsa iwo amayang'ana kumbali. Ndiye ine ndingatsike bwanji pakati pa tiyi ndi galimoto yaitali yakuda, iwo asakudziwa?

Pempho langa ndi limodzi lokha. Muwafunse amayi. Musawawerengere kalatayi monga ilili, chifukwa ndalemba zambiri monga mwa chizolowezi changa. Muwauze m'Chilomwe, inu nokha, masana atadya, pasakhale anthu ena. Muwauze zonse, za sosaite, za malo ogonapo, osachotsapo kanthu pofuna kuwakomera. Ndipo musawakakamize pondimvera chisoni ine. A sosaite avomera kundisungira galimotoyi mpaka kutha kwa Novembala, ndiye yankho lisagone m'thumba la alamu monga linachitira lija la chaka chatha.

Akakana, ndiisiya ndi mtima umodzi. Tidzabwerabe pa sitima kudzera ku Beira, mudzatichingamire pa Luchenza, ana adzaone agogo awo ndi kulawa kalongonda wanu amene ndawauza kuti kuno kulibe. Kungoti ulendo wa ku Muloza udzalephereka chaka chino, poti ina yoti n'kugonamo pa ndalama zangazi sindinaipeze, ndipo sindidziwa ngati awiriwo ali ndi chaka china choyembekezera. Zimenezi muwauzenso, chifukwa ndi zoona, ndipo iwo ndi amene ayese kulemera kwake.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga, ndi kwa ana anu onse, makamaka Jean amene ndamva kuti wayamba kuthyola tiyi. Mumuuze asasiye sukulu. Moninso kwa asuweni athu a kutsidya kwa mtsinje ndi kwa akulu a mpingo. Amake a Douglas akupereka moni kwa apongozi awo ndi kwa inu. Douglas ndi Teleza akuphunzira kulonjera agogo m'Chilomwe, koma lilime lawo ndi la kuno, mudzaseka.

Amayi akavomera, muwafunsenso kuti akufuna galimotoyi idzakhale ya mtundu wanji. Yakuda sibwera kumudzi. Utoto sindinagule, ndikudikira iwo asankhe.

Ndine mlongo wanu wokukumbukirani masiku onse,

Everson Malizani