Theka la Munda wa Mpunga

Vinthukutu, Lachisanu loyamba la mwezi wa Novembala. Ndakhala pakhonde panu. Alipo pano ndi mng'ono wanga Yotamu, mlongo wathu Esinati ndi mwana wanga Tamala.

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo. Mkazi wa Yotamu anachira mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Ng'ombe yofiira ija inaswa. Mpunga tinakolola wokwanira. Makhadi a chipani tinagula tonse, ndiye pamsika tikulowa popanda mawu.

Tsopano nkhani imene ndakulemberani.

Muli pamphasa munalamula kuti Esinati, poti ndi wamasiye, apatsidwe theka la munda wanu wa mpunga, pangodya pamene ngalande ikumana ndi njira ya ngolo, kuti iye ndi Yotamu onse akhale ndi madzi ndi potulutsira matumba. Mundawo mukuudziwa, mbali zake zinayi n'zofanana. Yotamu anatenga chingwe chotalika ngati mbali imodzi, nachipinda pawiri ine ndikuona. Anayeza theka la chingwe motsata ngalande, theka motsata njira, nakhoma zikhomo. Sanabe kanthu.

Esinati atafika anangoti, "Achimwene, ili si theka. Ndalima muno chiyambire ndili mtsikana."

Yotamu anati, "Ndiye kuti chingwechi chikunama? Kapena maso ako ndi aumbombo?"

Kuyambira pamenepo analeka kupatsana moni. Esinati anamanga katundu, akuti abwerere ku Chilumba kwa abale a malemu mwamuna wake, amene mukudziwa mmene anamusungira. Ine ndinali nditatsimikiza kuti wolakwa ndi iye, pakuti kupinda kwa chingwe ndinakuona ndi maso anga. Chimene chinandigwira pakamwa ndi mawu anu aja akuti, "Eliya, usamaweruze uli chiimire." Ndinakhala pansi, ndinati tidikire Tamala.

Tamala akuphunzitsa masamu ku boma. Anabwera ndi kamakina kowerengetsera, akuti kalikuleta, kokwana m'chikhatho. Ine zinthu zotere sindizikhulupirira, ndipo ndinamuuza. Anayankha kuti, "Ndiye dinani nokha, adada."

Mbali ya munda ndi mamita 60. Ndinadina nambalayo, kenaka batani lokhala ndi ka 2 pamwamba, limene limachulukitsa nambala ndi iyo yomwe. Panatuluka 3600, ndiwo munda wonse. Ndinadina 30, mbali ya gawo la Esinati, ndi batani lomwelo. Panatuluka 900.

"Theka la munda ndi 1800," anatero Tamala. "Ankhazi Esinati apatsidwa theka la theka."

Yotamu anati kamakinako n'ka ku Tanzania, sikadziwa minda ya kuno. Tamala anavula duku, nalipinda pawiri m'litali, pawirinso m'lifupi, nalitambasula pamaondo pa bambo ake aang'onowo. "Werengani zigawo." Zinali zinayi. Yotamu anaziwerenganso ndi chala. Kenaka anati, "Mlongo, ndakulakwira." Esinati anayankha kuti, "Maso aumbombo aja akuona bwino, eti?" Anaseka onse awiri, koma Esinati misozi inali kutsika.

Panatsala funso lovuta: nanga chingwe chikhale chotalika bwanji kuti ngodyayo ikhale theka lenileni? Apa nzeru zanga zinathera. Tamala anandionetsa batani lina, lokhala ndi chizindikiro chonga kuchonga kwa aphunzitsi koma chofoleredwa pamwamba. Akuti limabwerera m'mbuyo: ukalipatsa kukula kwa malo, limakuuza mbali yake. Ndinadina 1800 ndi batanilo. Panatuluka 42 ndi manambala ena ambiri kumapeto. Ndinafunsa kuti nyenyeswazo tichite nazo chiyani. Yotamu ndiye anayankha: "Ikani 43. Wadikira mokwanira."

Amayi, ine sukulu ndinalekezera mukudziwa. Pamene ndinafuna kuti Tamala asiye sukulu akwatiwe, munaima pakhomo pano n'kukana, ndipo sitinayankhulane mpaka mpunga unacha. Lero ndikuti yewo. Mukanandimvera, mlongo wanga bwenzi nditamupitikitsa ndi mtima woyera, ndikuganiza kuti ndikutsata mawu anu.

Zikhomo tazisuntha m'mawa uno. Esinati wamasula katundu wake, mbewu ya chaka chino ampatsa ndi Yotamu. Ndikulonjeza kuti pokweza mzere wa malire ndidzaimapo ndekha mpaka utatha, mvula isanagwe.

Sindine munthu wa mawu ambiri, koma ndimakukondani, ndipo pakhonde pano mukusoweka. Mukaonana ndi adada, muwauze kuti mwana wawo wamkazi sakuchokanso pamudzi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Eliya