Dziwe Likuphwa, Nditumizireni Kiyi

Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa mayi uja ukutupabe? Ine kuno ndilipo. Ndikudya, ndikugona, ndikupita kuntchito. Mukandifunsa zoposa pamenepa sindingayankhe zomveka.

Kalata iyi muwerenge muli nokha. Musawawerengere mayi monga muchitira ndi zina zija.

Ntchito ikadali yomweyo ya ngalande. Nyumba zija ndinakuuzani kuti zinali makumi atatu tsopano zapitirira mazana awiri, zonse nkhope imodzi, mwakuti munthu akhoza kulowa kwa mnzake n'kuvula nsapato asanazindikire. Ife timatsata m'mbuyo mwa omanga: kukumba, kuyala mapaipi a simenti, kukwirira. Madzi onse a padenga ndi a pamsewu amalowa m'mapaipi athuwo n'kukatulukira kumtsinje, kutali uko. Kapitawo wathu amanyadira kuti mvula ikagwa m'mawa, pofika masana munthu amayenda osadetsa nsapato. Paja amati madzi saiwala khwawa, koma kuno ife tawaiwalitsa.

Kumunsi kwa nyumbazi kuli dziwe. Sindinakuuzenipo za dziweli chifukwa panalibe choti ndinene, linali dziwe basi. Masana timakhala m'mbali mwake pansi pa mtengo wina n'kumadya zomwe tatenga. Pamene ndinkayamba ntchito, madzi ankanyambita mizu ya mtengowo. Lero kuchokera pamtengo kukafika pamadzi ndi mapazi makumi asanu ndi limodzi. Ndinawerenga dzana.

Anthu a kutsidya, amene ali ndi madimba ndi zitsime, akuti ndife taumitsa. A kampani akuti ndi chilala, poti mvula yavuta zaka ziwiri. Mayi wina wa dimba amene amatigulitsa tomato anandionetsa chingwe cha pachitsime chake. Wachilumikiza kawiri, komabe chidebe chimabwera ndi thope. Anandifunsa ngati ndimapeza tulo pogwira ntchito yotere. Ndinamuyankha kuti ndimapeza.

Tsiku lina ndinafunsa injiniya wathu, munthu wosabisa mawu. Anati onse akunena zoona. Kale malo onsewa anali udzu, mvula inkalowa m'nthaka pang'onopang'ono, ndipo dziwe linkamwa kuchokera pansi ngakhale m'chilimwe. Tsopano pamwamba tavindikira ndi malata ndi phula, madzi ochepa amene agwawo tikuwathamangitsira kumtsinje, ndiponso pokumba maziko tinapopa madzi apansi miyezi inayi yathunthu. Anati chilala chinapeza dziwe litadwala kale.

Dziwe likamaphwa limalavula zomwe linameza. Tatola matayala, ndowa zobooka, mpando wa pulasitiki, ndi wilibala ya kampani imene mlonda wina anachotsedwera ntchito chaka chatha. Mnzanga amene ndimanyamula naye mapaipi, timangomuti Chipewa, ankati tikadikira pang'ono titolamo ndi mkazi wake amene anamuthawa. Tinkaseka.

Lachiwiri lapitali m'dziwemo munatulukira mahandulo a njinga. Pofika Lachinayi inaonekera yonse, itagona chammbali m'munsi mwa gombe lotsetsereka. Chipewa anaikoka ndi chingwe ndi mbedza ya waya, akuti akapatse ogula zitsulo. Nditaona kaliyala wake ndinaika chakudya pansi.

Mukukumbukira kuti bambo asanamwalire anawonjezera kaliyala wa njinga ya achimwene ndi chitsulo cha bedi lakale, kuti azitha kunyamula makreti atatu a buledi. Chitsulocho chinali chopindika mbali imodzi, ndipo tinkawaseka kuti buledi wawo amayenda atapendekeka. Cha njinga iyi n'chopindikanso. Komabe njinga zowonjezeredwa motere m'tauni muno zilipo zambiri, ndipo dzimbiri ladya utoto wonse pamodzi ndi nambala. Sindingalumbire.

Chinanso ndi loko. Ali pansi pa chishalo, tcheni chake chitakulungidwa katatu. Munthu akaimika njinga amamanga tcheni kutayala. Akakulunga pansi pa chishalo ndiye kuti anali paulendo.

Achemwali, inu mukudziwa chomwe chinandibweretsa kuno. Patha zaka zitatu achimwene asanamveke. Nditangofika, mwini nyumba imene ankachita lendi kutsidya lija anandiuza kuti anatuluka m'mawa wina ndi njinga, sabata ya mvula yambiri, osabweranso. Njira yachidule yochokera kumeneko imadutsa pamwamba pa gombe lomwelo. Ndinamva ndi makutu, koma mutu unali kwina. Ndinazungulira zipatala, madepoti a basi, ngakhale kundende, chithunzi chili m'thumba. Nsapato ziwiri zinatha. Kenako ndinalowa ntchito kuti ndipeze pokhalira, ndipo zaka ziwiri ndakhala ndikudyera pamtengo uja, maso ali pamadzi, osaganizako ngakhale kamodzi.

Ndinakanena kupolisi. Analemba, ndipo awiri anabwera kudzaona. Anati pakati pali thope lomeza munthu mpaka m'khosi, palibe angalowemo, tidikire liume. Madzi amene atsala kukula kwake ndi ngati bwalo la pakhomo pathu. Injiniya akuti mvula ikapanda kugwa, aphwa m'masabata atatu.

Ndinkayesa kuti ndilira. Sindinalire. Tsiku lomwelo ndinabwerera kuntchito, tinayala mapaipi asanu ndi atatu, madzulo ndinachapa malaya. Mumtima mwangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Chipewa ndi amene analira, mpaka kundipepesa chifukwa cha nthabwala ija ya mkazi wake. Ndinachita kumutonthoza ndine.

Njingayo apolisi anandilola kusunga. Ili m'chipinda mwanga, pakati pa mphasa ndi chitseko, moti potuluka ndimachita kudutsa chammbali. Ikununkha thope. Mayi eni nyumbayi adandaula kale kawiri.

Kwatsala kamfuleni kamodzi kamene kamathirabe m'dziwemo. Lolemba tikukalowetsa m'paipi. Chipewa amafuna akandipemphere kwa kapitawo kuti andisinthire kwina, ndinamuletsa. Ndikapanda kuyala ine ayala wina, ndipo madzi aphwabe. Anthu a madimba akupempherera mvula usana uliwonse, ndipo akuyenera kutero, mbewu zawo zapsa. Ine sindikudziwa chopempha. Ikagwa, dziwe lidzakwera pang'ono n'kuphimbanso. Ikapanda kugwa, ndidzaona.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Loko wa achimwene anali ndi makiyi awiri. Paja anali munthu wotaya makiyi, ndiye pochoka wina anasiyira mayi, ife n'kumawafunsa kuti kiyi wokhala ulendo wa tsiku lonse angathandize chiyani. Mayi amamusunga m'kachitini ka singano ndi mabatani, pamwamba pa kabati. Mumutenge iwo ali kumunda, mumukulunge m'kapepala, mupatse dalaivala wa basi ya Lachisanu, wa ndevu uja amene anabweretsa bulangete langa. Ndikamudikira pa depoti.

Ndikudziwa kuti loko amene wakhala m'madzi zaka zitatu sangatseguke msanga. Ndikumuthira mafuta m'mawa uliwonse. Ngakhale kiyi atangolowa n'kugwedezeka pang'ono, ndidzadziwa. Akakana kulowa ndidzakubwezerani Lachisanu linalo, mudzamuike pomwe anali, ndipo kalatayi mudzaiotche.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato za jombo zija zikadalipo. Moni kwa ana onse, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa alamu athu akazi a achimwene ngati amabwerabe kudzacheza. Iwonso musawauze kanthu pakali pano. Mayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikufunafunabe. Pamenepo simukhala mutanama.

Koma akatsegula kachitini n'kupeza kiyi palibe, nenani kuti mwataya ndinu posaka batani, akukalipireni. Chonde musawauze kuti aitanitsa ndi achimwene. Akhulupirira, ndipo ayamba kusesa chipinda cha achimwenewo.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa mayi