Ndagula mfuti yosawomba ku Romford

Aphungu,

Ndine mkulu, imvi zili mbuu, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho mundikhululukire kalembedwe. Ndimakhala ku Thamesmead kuno ku London, kwa mwana wanga Etta, yemwe ndi namwino, ndi mwamuna wake Wilbroad wa ku Chipata, woyendetsa basi.

Kumudzi ndinakalambira pa ulonda pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Zaka zonsezo anandipatsa chibonga ndi wezulo basi. Mfuti inalipo imodzi, ya 303, yotsala kwa asilikali akale, koma bwana anaipereka kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine, ati chifukwa ankatha kulemba lipoti m'Chingerezi. Ine sindinaloledwe ngakhale kuipukuta fumbi. Nkhaniyi imandiwawabe mpaka lero.

Mwezi wathawu ndinatsika basi ku Romford kukafuna jekete la m'nyengo yozizira pa sitolo ina yogulitsa zinthu zakale za asilikali. Nditakweza maso pakhoma ndinaona mfuti, yofanana ndendende ndi ija ya ku Mulanje. Mwini sitolo anati inachokera kunja, ku India, ndipo inagwirapo ntchito ku nkhondo. Ndinaiyesa monga tinkayesera njinga ya kaunjika: ndinainyamula, ndi yolemera, ndinainunkhiza, ikununkha girisi wakale, ndinagogoda thabwa lake ndi chala, silinalire ngati lofumbwa. Ndinafunsa za layisensi, mzunguyo n'kunena kuti iyi siifuna layisensi. Analankhulanso zina zambiri mothamanga, ine ndinkangoti "yesi, yesi", poti mtima unali utapita kale. Jekete sindinagule. Anandikulungira mfutiyo m'katoni pamodzi ndi kapepala kena, ine n'kubwerera nayo kunyumba.

Cholinga changa chinali ankhandwe. Ndili ndi kadimba ka mpiru kuseri kwa fulati, ndipo ankhandwe a kuno alibe ulemu. Amafukula mbewu ine ndikuona, ukawakuwiza amakuyang'ana ngati iwe ndiwe mlendo pamalopo.

Tsono pothira mafuta m'mpope wa mfutiyo, mafutawo anabwerera n'kundithira pa thalauza. Nditasuzumira ndinapeza kuti m'kati anatsekamo ndi chitsulo chowotcherera. Ndikakhethemula imalira bwinobwino, koma chipolopolo chilibe polowera kapena potulukira.

Wilbroad anaizunguliza m'manja, n'kunena ndi Chinyanja chake chija kuti, "Apongozi, iyi mfuti ili pa penshoni monga imwe. Mungakhale nayo pamodzi pa sofa, muzitamba TV." Anaseka mpaka kukhala pansi. Etta sanaseke. Anati, "Ababa, ine ndimagwira ntchito ya boma. Mukufuna apolisi adzathyole chitseko changa chifukwa cha mpiru? Chinthu ichi chituluke m'nyumba muno, apo ayi ndikugulirani tikiti ya ku Chileka, ndipo sindikuseka."

Aphungu, kodi mzungu uja anandiona kuti ndine wosaphunzira n'kundigulitsa mfuti yofula? Ndili ndi maganizo awiri. Mwina ndiipereke kwa Roy, mnzanga wa kutchalitchi amene amakonza magalimoto ku Tottenham, aiboole ndi makina ake kuti ikhale mfuti yeniyeni. Kapena ndiikoleke paphewa, ndikwere basi ndikaibweze, mzunguyo aone kuti sindine munthu woseweretsa. Koma zoona zake, kuibweza sindikufuna. Ndadikira moyo wanga wonse.

B. K. M., Thamesmead


Bambo B. K. M.,

Khalani pansi, ndipo Roy musamuimbire foni.

Sanakubereni. Mu "yesi, yesi" wanu uja ndi mmene munadutsa nkhani yonse. Mfuti zakale za asilikali zimene amagulitsa kuno popanda layisensi ndi zimene anazipha dala kuti zisadzawombenso, ndipo anthu amazigula kuti azisunge ngati chikumbutso. Chitsulo chimene chakukwiyitsanicho ndi chimene chikukulolani kugona pa bedi panu. Chikanapanda kukhalamo, kalata yanu ikanachokera kundende. Roy akangochiboola, mlandu wake ndi wa zaka zambiri, kwa inu ndi kwa iye yemwe, ndipo mfuti yoboola m'galaja ikhoza kuphulikira nkhope ya mwini wake.

Kayesedwe kanu sikanali koipa. Kulemera, fungo la girisi ndi kulira kwa thabwa zimanenadi zoona. Onjezani izi. Yang'anani manambala osindikizidwa pa chitsulo chachikulu ndi pa chitsulo chija chokokera polowetsa chipolopolo. Akafanana, ndiye kuti mfutiyo sinalumikizidwe kuchokera ku zidutswa za mfuti zosiyanasiyana, ndipo odziwa amaiwerengera kwambiri. Onani ngati thabwa lili ndi mng'alu pafupi ndi pogwirira. Mabala ndi zokandika musadandaule nazo, ndi zimene ogula amakonda, ndipo musaipale ndi sandipepa kapena kuipaka vanishi monga timachitira ndi mipando, mudzaitsitsa mtengo. Dzimbiri lofiira la pamwamba limachoka ndi kansalu ka mafuta. Loopsa ndi lija lodya chitsulo n'kusiya timaenje. Za India ndi nkhondo, zimvereni ndi khutu limodzi. Ogulitsa onse amakhala ndi nkhondo yoti anene.

Chofunika kuposa zonsezi ndi chidindo. Mfuti yophedwa mwalamulo imakhala ndi kachidindo kakang'ono pa chitsulo kochokera ku nyumba yoyesera mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham, ndipo kapepala munapatsidwa kaja kayenera kukhala setifiketi yake. Ndikukhulupirira simunakulungiremo mbewu za mpiru. Mupemphe Etta awerenge ndi maso ake, afananitse nambala, kenaka aimbire yekha ofesi ya apolisi yoona za mfuti m'dera lanu kuti amutsimikizire. Chidindo kapena setifiketi ikasowa, mwana wanu walondola, ndipo muwafunse apolisiwo njira yoiperekera. Zonse zikakhalapo, muli ndi poyambira kupempha.

Ndati kupempha, chifukwa nyumbayo ndi ya Etta ndipo mantha ake si achibwana. Namwino akangotchulidwa pa nkhani ya mfuti, ntchito imagwedezeka asanafotokoze n'komwe. Muuzeni za ku Mulanje monga mwandiuzira ine. Ndikukayika ngati munamuuzapo. Akuluakulu inu mumakonda kusunga zowawa ngati fodya wa m'thumba. Iye akuona chitsulo choopsa m'nyumba mwake, sakudziwa kuti bambo ake anamanidwa chiyani. Mulonjezeni kuti izikhala m'kabati yokiya, kutali ndi zenera, ndipo mudzaitulutsa pokhapokha pofuna kuipukuta. Ndiganiza tikiti ya ku Chileka idzaiwalika.

Wilbroad musiyeni aseke, mkamwini woseka pamaso panu ndi wabwino. Ankhandwe amafuna waya wa nkhuku wokwirira pansi pang'ono, ndipo umenewu mumutume yemweyo akagule, alipire kuseka kwake.

Pomaliza, ndipo apa sindikusereula: mfutiyo isatuluke panja, kaya paphewa, kaya m'chitenje, kaya kukaopseza nkhandwe kudimba. Kuyenda nayo poyera ndi mlandu ngakhale ili yotseka, ndipo mzinda uno ukadali ndi mantha chiphulikireni mabomba aja m'masitima ndi m'basi. Apolisi a kuno akaona munthu ali ndi mfuti pa siteji, sayamba asuzumira m'mpope kuti aone ngati muli chitsulo.

Aphungu