Chimene Chikumaliza Batire la Kamera ya Gulu

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA AMAYI LA TIWAONETSE, CHOWE, MANGOCHI

Tsiku: Lachinayi, 16 Okutobala 2025
Malo: Pakhonde pa Wapampando
Nthawi yoyamba: 2:30 masana

Opezeka:
Abiti Swadick, Wapampando
Mayi Sheila Mtalika, Wojambula wa gulu
Mayi Safia Jaffalie, Wosunga kamera
Mayi Agatha Kalonjere, Mlembi
Bambo Jonathan Mkwanda, wokonza mafoni ndi makamera ku boma, mlendo woitanidwa

Osapezeka:
Mayi Lusiya Mbwana, Msungichuma, anapepesa kuti akudwazika mwana.
Mayi Victoria Saidi, sanatumize mawu, monga mwa masiku onse.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula ndi duwa, pemphero la Chisilamu. Pofuna kuti mlendo adziwe za gulu, anafotokoza kuti kamera inachokera ku Joni mu 2023. Anagula ndi amuna khumi ndi mmodzi a m'mudzi muno amene akugwira ntchito kumeneko, kuti akazi awo azijambula maukwati n'kupeza ya sopo, komanso kuti aziwatumizira zithunzi aone mmene ana akukulira. Inabwera ndi batire limodzi ndi chaja chimodzi. Popeza m'mudzi mulibe magetsi, batire limatchajidwa kwa ometa tsitsi pamsika, amene ali ndi sola.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga. Mayi Sheila anatsutsa mawu akuti "Mayi Sheila anakuwa", ponena kuti iwo sakuwa, mawu awo ndi aakulu chibadwire. Mlembi anavomera kulemba kuti "analankhula mokweza", ngakhale nkhuku za Wapampando zinathawa pabwalo tsiku limenelo. Zolembedwa zinavomerezedwa.

3. LIPOTI LA NDOWA YA KU NKOPOLA

Mayi Sheila anati Loweruka pa 4 Okutobala anapita kukajambula ndowa, ukwati wa Chisilamu, ku Nkopola. Batire linatchajidwa Lachinayi mpaka kudzaza, iwo akuona ndi maso awo, ndipo kamera inagona masiku awiri kwa Wosunga. Atajambula zithunzi makumi anayi zokha, mkwatibwi akutuluka kumene m'nyumba, kamera inazima.

Anati analitulutsa batire n'kuliyanika pamwala padzuwa, monga timachitira ndi mabatire a wailesi, koma silinadzuke. Zithunzi zotsala anajambula ndi foni ya mlamu wa mkwati, apongozi a mkwatiyo akuwayang'ana Mayi Sheila kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati aka n'kachitatu, ndipo iwo manyazi awakwana. Anapempha kuti komiti ipeze njira, apo ayi wina atenge ntchito yojambula.

Wapampando anati n'chifukwa chake kamera inatumizidwa kwa Bambo Jonathan sabata yatha kuti akaiyeze.

4. MALANGIZO A BAMBO JONATHAN

4.1 Bambo Jonathan anayamba ndi kupempha kuti batire lisadzayanikidwenso padzuwa. Anati mabatire amenewa akatentha amafufuma, ndipo akhoza kuphulika. Mayi Sheila anati palibe anawauzapo.

4.2 Anafotokoza kuti kamera ya gulu ndi ya mtundu watsopano, wopanda kagalasi m'kati. Chilichonse chimene wojambula akuona chimaoneka pa sikirini, ndiye kamera ikangoyaka imadya moto, kaya munthu akujambula kaya akungoyang'ana.

4.3 Anatchula njira zimene gulu lingatsate. Yoyamba ndi kuitanitsa batire lachiwiri lenileni, la kampani yomwe inapanga kamera, kuti abambo akalipereke kwa onyamula katundu ochokera ku Joni. Anati ilipo ina ya mabatire otchipa ongofanizira, koma amenewo amanama: amaonetsa kuti moto ulipo theka, kenako n'kuzima mwadzidzidzi. Njira ina ndi pawabanki yamphamvu yolumikiza ndi chingwe cha USB, chifukwa kamerayi imalola kutchaja batire lili m'kati momwemo. Anachenjeza kuti mapawabanki ang'onoang'ono a pamsika sangaikwanitse. Anatchulanso chaja cha mabatire awiri chimene chimalandira moto wa kasola kakang'ono, kuti gulu lisamadikire mzere kwa ometa tsitsi.

4.4 Mayi Sheila anafunsa ngati angamajambule pawabanki ili m'chikwama, chingwe chikulendewera. Bambo Jonathan anati n'zotheka, koma paukwati pamene anthu akuvina chingwe chimakodwa, ndipo chikathyola polowetsera ndiye kuti vuto lakula.

4.5 Wapampando anafunsa kuti batire lakale litayidwe liti. Bambo Jonathan anati lisatayidwe, chifukwa lilibe vuto. Iwo analidzaza n'kujambula nalo zithunzi zoposa mazana atatu lisanathe. Analisiyanso masiku atatu kamera ili yozima, ndipo moto sunatsike. Anati mwaulemu wonse, batire likuthera pakati pa Lachinayi ndi Loweruka, ndipo silikutha lokha.

Mlembi akulemba kuti apa aliyense anapeza choyang'ana pansi.

5. CHIMENE CHIKUMALIZA BATIRE

5.1 Mayi Sheila anati ngati zili choncho ndiye kuti wina akuigwiritsa ntchito kamera mwamseri. Anapereka ganizo loti ichoke kwa Mayi Safia ikakhale kwa Wapampando m'sutikesi yokhoma. Anawonjezera kuti khadi losungira zithunzi latsala pang'ono kudzaza, choncho Bambo Jonathan alifufute lonse lero lomwe, popeza zithunzi za makasitomala zinatsukidwa kale.

5.2 Mayi Safia, amene kuyambira gulu likhazikitsidwe Mlembi sanalembepo mawu awo oposa mzere umodzi, anaimirira nati khadi lisafufutidwe. Anavomera kuti ndi iwo amene amayatsa kamera, tsiku lililonse m'mawa ana akapita kusukulu. Anati sajambula kanthu ndipo sanabwerekepo munthu.

5.3 Atafunsidwa chimene amaona, anati m'khadimo muli vidiyo imene abambo anajambula kuchipinda kwawo ku Joni poyesa kamera asanaitumize. Ndi ya mphindi zisanu ndi imodzi. Amuna awo, Che Bakali, akuoneka kumapeto kwenikweni, akulowa pakhomo kuchokera kuntchito.

Pofuna kuti mlendo amvetse, Wapampando anafotokoza kuti Che Bakali anasamuka m'chipindacho patangopita miyezi inayi kamera itafika kuno. Nambala yawo inasiya kugwira. Anzawo afunsa ku mizikiti, kuzipatala ndi kumene ankagwira ntchito, koma mpaka lero palibe akudziwa kumene ali.

5.4 Mayi Sheila anati vidiyoyo aliyense anaiona chaka chimene kamera inabwera, ndipo iwo ankayesa kuti inafufutidwa kalekale. Anafunsa kuti: "Nanga achemwali, osangonena bwanji? Ine kuchita manyazi ku Nkopola konse kuja, inu muli phee?"

Mayi Safia anayankha kuti: "Ndimaopa kuti mundilanda. Inu nonse amuna anu amakuimbirani. A Sheila, anu amachita kukusowetsani mtendere ndi mafoni. Ine ndili ndi imeneyi basi."

5.5 Bambo Jonathan anati vidiyo ikhoza kusamutsidwira mu foni. Mayi Safia anaonetsa foni yawo, ya mabatani, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Bambo Jonathan anati akhoza kudula chithunzi pamene Che Bakali akuoneka bwino, n'kuchitsuka chachikulu chopachika pakhoma. Mayi Safia anathokoza, nati chithunzi cha paukwati ali nacho kale, koma chithunzi sichilowa pakhomo.

5.6 Wapampando analamula kuti komiti ione vidiyoyo isanagamule. Anthu asanu anaunjikana pa kasikirini kosakwana chikhatho. Mukuoneka chipinda chopapatiza, mabedi osanjikana, majekete opachika pa misomali, ndi amuna akuphika pa kastovu ka magetsi uku akulimbirana kamera. Amuna a Wapampando akumveka akufunsa ngati mbuzi yawo yaswa. Amuna a Mayi Sheila akupereka moni katatu chifukwa sakukhulupirira kuti yajambula. Chitseko chikuoneka kumbuyo kwawo nthawi yonseyi, chotseka.

Kumapeto chikutseguka. Che Bakali akulowa ndi ovolosi ya buluu, jumbo ya buledi kumanja. Akufunsa kuti, "Ikujambula imeneyo?" Akupukuta kumaso ndi chipewa, akuseka, n'kunena kuti, "Safia, ndi ine. Ana asajombe kusukulu." Vidiyo ikuthera pomwepo.

Mlembi ndi mphunzitsi wochokera ku Dedza, alibe mwamuna ku Joni, ndipo anamusankha chifukwa cha kulemba bwino basi. Komabe akuvomera kuti zimene zinanenedwa mphindi ziwiri zotsatira sanazilembe, chifukwa sankaona bwino pepala.

5.7 Bambo Jonathan anati tsopano amvetsa. Kuonera vidiyo kumadya moto kwambiri, makamaka munthu akabwereza kangapo. Anati pali batani lothamangitsira vidiyo kutsogolo, ndipo akhoza kuwaphunzitsa Mayi Safia kuti azidumpha mphindi zisanu zoyambazo n'kufika pa Che Bakali nthawi yomweyo. Akatero batire silingamve n'komwe.

Mayi Safia anati batanilo akulidziwa, analipeza okha chaka chatha, koma salifuna. Wapampando atafunsa chifukwa, anayankha kuti: "Amayi, ine ndimayang'ana chitseko chija. Kunjaku ndadikira zaka ziwiri, basi iliyonse yochokera ku Joni ndimaifunsa, palibe. Koma m'menemu ndikadikira amabwera."

5.8 Mayi Sheila anapempha kubweza ganizo lawo la mu 5.1, lonse. Anapemphanso kuti Mlembi asalembe kuti analira. Mlembi walemba pempho lawo.

6. ZIMENE KOMITI YAGWIRIZANA

(a) Kamera ipitirire kukhala kwa Mayi Safia.

(b) Khadi lakale lisafufutidwe. Gulu lipeze khadi lina la ntchito, ndipo Bambo Jonathan asunge vidiyoyo pa kompyuta yawo kuopa ngozi.

(c) Wapampando auze abambo ku Joni kuti atumize batire lenileni ndi chaja cha mabatire awiri. Latsopanolo likhale la ntchito yokha, ndipo lizisungidwa ndi Mayi Sheila lili lodzaza.

(d) Batire lakale likhale la Mayi Safia. Mpaka latsopano lifike, Mayi Sheila azikalidzaza Lachisanu masana n'kugona nalo kwawo ngati Loweruka kuli ukwati.

(e) Za pawabanki ndi sola zidikire Msungichuma.

(f) Batire lisayanikidwe padzuwa.

7. ZINA NDI ZINA

Wapampando anakumbutsa kuti abambo akudandaula zoti ana pazithunzi amaima chilili ngati asilikali. Akufuna kuwaona akusewera, ngakhale atakhala ndi fumbi. Mayi Sheila anati amva.

Mayi Safia anafunsa Bambo Jonathan kuti batire logwira ntchito tsiku ndi tsiku limakhala zaka zingati. Bambo Jonathan anati likasamalidwa bwino, zitatu, mwina zinayi, ndipo lawoli ladya kale ziwiri. Mayi Safia anawerenga pa zala, kenako anapempha Wapampando kuti powauza abambo za batire latsopano, awauze kuti atumize awiri.

Palibe anatsutsa.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzachitika Lachinayi pa 13 Novembala 2025, malo omwewa, 2:30 masana. Wapampando anapempha Mlembi kuti atseke ndi pemphero, ndipo Mlembi anatchula mayina a abambo onse khumi ndi mmodzi ali ku Joni. Msonkhano unatha 4:25 madzulo.

Wapampando: ______________________
Abiti Swadick

Mlembi: ______________________
Agatha Kalonjere